Matikiti Awiri Anatisiya pa Johannesburg, Basi Inatibweza ku Harare

Azakhali anga akhala ku Highfield kuno ku Harare kuyambira ali mtsikana, chifukwa agogo anabwera kudzagwira ntchito m'nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukadali kutchedwa Salisbury, pamene kumudzi ankangoti apita ku Halale. Uthenga utafika woti abale amanga chiliza cha agogo aakazi ku Chiradzulu ndipo mwambo wake ukhala Loweruka, ntchito yokonza ulendo inagwera ine. Msana wa azakhali umavuta, choncho ndinaona kuti kuwakweza basi ya tsiku lonse kukhala kuwazunza, ndipo ndinaganiza zoti tikwere ndege yodzera ku Johannesburg n'kukatera pa Chileka ku Blantyre.

Cholakwa changa chinachitika ndili m'nyumba, foni ili m'manja. Nditayerekeza mitengo pa intaneti ndinapeza kuti kugula tikiti ya Harare mpaka Johannesburg ku kampani imodzi, kenako ya Johannesburg mpaka Blantyre ku kampani ina, kunali kotsika mtengo kusiyana ndi kugula ulendo wonse pamodzi. Ndinalipira kawiri, ndipo mauthenga otsimikizira anabwera awiri, uliwonse uli ndi chizindikiro chakechake cha zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi. Chizindikiro chimenechi ndicho chimauza munthu zoona zake za ulendo wake. Chikakhala chimodzi pa ndege zonse, ndiye kuti makampaniwo ali pa mgwirizano wopatsirana anthu ndi katundu, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, iwo ndi amene amakupezerani malo pa ndege yotsatira popanda kulipiranso. Zikakhala ziwiri, kampani iliyonse imadziwa gawo lake lokha, ndipo yachiwiri siidziwa n'komwe kuti mukuchokera pa ndege ina.

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa kupita ku bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera pakati pa mzinda. Pa kauntala, mayi amene ankalandira katundu anaika sutikesi ya azakhali pa sikelo, nasindikiza kapepala kaja kamene amamata pa chogwirira. Ndinawerenga zilembo zitatu zikuluzikulu zimene zinali pamenepo, JNB, ndipo ndinapempha mwaulemu kuti alembe BLZ popeza tinkapitirira mpaka ku Blantyre. Anayang'ana pa kompyuta n'kundiyankha kuti, "Bambo, ulendo wanu ndi ife ukuthera ku Johannesburg, katunduyu mukamutenga kumeneko ndipo mukamuperekanso nokha kwa anzathuwo." Apa ndi pamene mtima unayamba kugunda, koma ndinadzilimbitsa poona kuti pakati pa kutera kwa ndege yoyamba ndi kunyamuka kwa yachiwiri panali maola awiri ndi mphindi 15.

Nthawi imeneyo inkaoneka yokwanira pa pepala chifukwa ndinali ndisanaiwerengere bwino. Makauntala a ndege zotuluka m'dziko nthawi zambiri amasiya kulandira katundu kutatsala ola limodzi kuti ndege inyamuke, kutanthauza kuti chimene ndinali nacho chenicheni chinali ola limodzi ndi mphindi 15. M'kanthawi kameneka munthu ayenera kutsika m'ndege, kuima pa mzere wa oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, kudikira katundu, kudutsa pa kasitomu, kukwera kumtunda kumene kuli makauntala a onyamuka, n'kuimanso pa mzere wina. Ndege yathu inachedwa kunyamuka ndi mphindi pafupifupi 50, ndipo ngakhale ulendo wa mumlengalenga wochoka ku Harare kufika pa bwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg sukwana maola awiri, tinatera nthawi itatithera kale. Palibe kusiyana kwa nthawi pakati pa Zimbabwe, South Africa, Mozambique ndi Malawi, choncho panalibe ola lobisika loti litipulumutse.

Pa O.R. Tambo pali njira ya anthu ongodutsa, imene amalowera amene katundu wawo walembedwa mpaka kumene akupita, ndipo iwowa safunika kulowa m'dziko la South Africa. Ife sitikanatha kulowera kumeneko chifukwa masutikesi athu ankatidikira kuseri kwa malire. Apa mpofunika kudziwiratu malamulo a pasipoti imene mwatenga. Ya Zimbabwe imakulolani kulowa popanda viza kwa masiku 90 ndipo ya Malawi kwa masiku 30, choncho ine ndi azakhali tinangodindiridwa titaonetsa tikiti yopitirira nayo. Munthu wa dziko limene limafuna viza akhoza kukanizidwa kukwera ndege ku Harare komweko, ngakhale akungofuna kulowa kwa ola limodzi kuti atenge chikwama. Pasipoti ikhalenso ndi masamba opanda chidindo, popeza ulendo wotere umadya masamba kuposa wa tikiti imodzi.

Chinatichedwetsanso china n'chakuti njinga ya olumala imene ndinapemphera azakhali ndinaipempha ku kampani yoyamba yokha. Mnyamata amene ankawakankha anatifikitsa mpaka pamalo otulukira katundu, n'kutitsanzika mwaulemu chifukwa ntchito yake inathera pomwepo. Kuchokera apo ndinali ndekha, ndikukankha kangolo ka masutikesi ndi dzanja limodzi, dzanja lina nditagwira azakhali pa mkono, kwinaku maso ali pa bolodi kufunafuna nambala ya kauntala. Thandizo lotere liyenera kupemphedwa ku kampani iliyonse payokha, kudakali masiku angapo. Malire a kulemera kwa katundu nawonso amasiyana, ena makilogalamu 20 ena 23, moti chikwama chimene chadutsa mwaulere ku Harare chikhoza kulipiritsidwa ku Johannesburg.

Tinafika pa kauntala yachiwiri atatseka kale. Bambo amene anali pamenepo sanatikalipire, koma anafotokoza mosabisa kuti m'mabuku awo tinali anthu amene sanabwere, ndipo kuchedwa kwa ndege ya kampani ina sinali nkhani yawo. Anaonjezera chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo, choti munthu akaphonya gawo loyamba la tikiti, magawo otsala kawirikawiri amafufutidwa okha, choncho ndi ulendo wathu wobwerera wochoka ku Blantyre unali utapita. Nditabwerera kwa kampani yoyamba anandipatsa kalata yotsimikizira kuti ndege inachedwadi, imene ikanandithandiza ndikanakhala ndi inshuwalansi ya ulendo, koma ananena kuti iwo anatifikitsa kumene tinagwirizana. Sindinganene kuti ananama.

Ndinakhazika azakhali pa benchi n'kuyamba kuwerengera njira zimene zinatsala. Yoyamba inali kugula matikiti atsopano a ndege ya tsiku lotsatira, pa mtengo wa tsiku lomwelo umene suchitira munthu chisoni. Yachiwiri inali kukwera sitima ya Gautrain, imene imachoka pabwalo pomwepo kupita ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15, n'kusinthira ina yopita ku Park Station, kumene kumanyamukira mabasi ena opita ku Malawi. Mabasi amenewa amadzera ku Beitbridge, Masvingo, Harare, n'kulowera ku Nyamapanda, ulendo woposa tsiku lathunthu. Nditawafotokozera, azakhali anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Mwananga, ndiye kuti wanditengera ku Joni kuno kudzakwera basi yodutsa pakhomo panga?" Ndinagula matikiti a ndege a ulendo wopita wokha, tinagona pa nyumba ina ya alendo ku Kempton Park imene imatumiza galimoto kudzatenga anthu pabwalo, ndipo Lachisanu masana tinatera pa Chileka. Chinatipulumutsa n'chakuti tinanyamuka kudakali masiku awiri. Tikananyamuka Lachisanu, chiliza akanachivundukula ife tili pa benchi ija.

Mwambo utatha ndinakhala pansi n'kuona kuti thumba lauma. Tikiti ya Johannesburg kubwerera ku Harare inali ikadalipo, koma kuti tikaikwere tinafunika kugulanso ina yochoka ku Blantyre, ndi kudziikanso pa ngozi yomwe ija. Azakhali okha ndi amene anadula nkhani ponena kuti msana wawo ukhoza kupirira tsiku limodzi, komanso kuti mpunga wa kilombero, usipa ndi ufa zimene abale anawapatsa sizikanakwera ndege popanda kulipira ndalama zoposa mtengo wake. Ndinapita ku Wenela dzulo lake kukagula matikiti a basi ndi kusankha mipando ya kutsogolo, kumene kugwedezeka kumakhala kochepa.

Njira ya pansi ndi yaifupi modabwitsa munthu akaiyerekeza ndi kuzungulira kwa ndege, popeza kuchoka ku Blantyre kufika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 600 okha, pamene Harare ndi Johannesburg zatalikirana makilomita oposa 1,000 pamsewu. Basi imadzera ku Lunzu ndi Lirangwe, kuwoloka Shire pa Zalewa, n'kukhotera ku Mwanza. Chimadya nthawi si msewu koma zipata, chifukwa zilipo zinayi: Mwanza potuluka m'Malawi, Zobue polowa mu Mozambique, Cuchamano potuluka, ndi Nyamapanda polowa mu Zimbabwe. Pa chilichonse anthu onse amatsika ndi mapasipoti m'manja, ndipo basi siinyamuka mpaka womaliza atadindiridwa. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zimbabwe safuna viza yodutsira mu Mozambique. Ndikulangiza kuti munthu aziona yekha chidindo chake asanachoke pa windo, tsiku lake ndi chipata chake, chifukwa chikasowa cholowera, vuto limakaonekera potuluka, mutayenda kale makilomita oposa 200.

Pakati pa Zobue ndi Tete msewu umadutsa pa Moatize, kumene kuli migodi ya malasha, ndipo magalimoto akuluakulu amachuluka. Kutentha kwa ku Tete ndi kumene onse amanena, moti botolo la madzi limene tinagula lozizira ku Mwanza linali lofunda tikuwoloka Zambezi. Mtsinjewu uli ndi milatho iwiri pamenepo, wakale wa Samora Machel ndi watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Tikudutsa m'tchire la milambe cha ku Changara, azakhali anandikumbutsa za nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, pamene magalimoto ankayenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndipo anthu ambiri a ku Highfield ndi ku Mbare ankalolera kuzungulira ku Zambia kapena kungokhala zaka osaona kwawo. Njira ya ku Zambia ikadalipo kwa amene akupita ku Lilongwe kapena Mchinji, yodzera ku Chirundu, Lusaka, Chipata ndi Mwami, koma ndi yaitali kwambiri, ndipo wa ku Lilongwe amachita bwino kudzera ku Tete komweko n'kukalowera pa Dedza.

Pa Nyamapanda ndi pamene tinakhalitsa. Katundu yense anatsitsidwa m'basi ndi m'ngolo yake kuti a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho ku Zimbabwe, amuone, ndipo aliyense anaima pafupi ndi wake. Ndinalemba zakudya zathu pa fomu monga mmene zinalili, anatsegula thumba la usipa, nalitsekanso. Ndalama zing'onozing'ono za madola a ku America zimathandiza pa ulendo wotere, chifukwa kwacha imathera mphamvu pa Zobue, mu Mozambique amafuna metikali, ndipo osintha ndalama a m'mbali mwa msewu amadziwa kuti wapaulendo alibe nthawi yowerenga kawiri. Ine ndinasintha zochepa zongogulira madzi ndi nthochi. Basi yonyamuka m'mawa kwambiri ndiyo yabwino, kuti zipata zonse zinayi muzidutse kukadawala.

Kuchoka pa Nyamapanda kufika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 240, kudzera ku Kotwa, Mutoko ndi Murehwa, ndipo gawo limeneli tinaliyenda dzuwa litalowa. Kunena chilungamo, azakhali anafika atatopa kwambiri, miyendo itatupa, ndipo sindinganene kuti basi ndi yabwino kwa munthu wamkulu wodwala. Komabe nditaphatikiza maola a kudikira pabwalo, usiku wa ku Kempton Park ndi ndalama zimene zinapita, ulendo wa ndege unatitengera tsiku limodzi ndi theka, pamene wa basi unatitengera kuchokera m'bandakucha mpaka usiku wa tsiku lomwelo.

Ulendo wotsatira, umene ndinayenda ndekha pa nkhani za ntchito, ndinapita kwa wogulitsa matikiti m'tauni n'kupempha kuti ndege zonse ziwiri zikhale pa tikiti imodzi, ndipo ndisanachoke pa kauntala ku bwalo la ndege ndinawerenga kapepala ka pa sutikesi mpaka ndinaona zilembo za BLZ pamwamba pa JNB. Pamene tikiti imodzi siipezeka, tsopano ndimasiya maola osachepera asanu pakati pa ndege ziwirizo kapena kugona kumene, ndimatenga chikwama cha m'manja chokha ngati n'kotheka, ndipo ndimaonetsetsa kuti ndege zonse zikugwiritsa ntchito bwalo limodzi, popeza ku Johannesburg kulinso bwalo la Lanseria limene lili kutali ndithu ndi O.R. Tambo. Azakhali aneneratu kuti kukagwa maliro kumudzi ndisadzawatchulirenso za ku Joni, ndidzangopita ku Roadport, kokwerera mabasi kuno ku Harare, kukawagulira mpando wa kutsogolo, mbali ya kumanzere kumene amatha kutambasula mwendo.