"Ndani?" "Ndine." Basi Benveniste ndamumva tsopano

Anzanga ndapuma. Masabata atatu athunthu ndakhala ndikulimbana ndi Émile Benveniste, katswiri wa zilankhulo wa ku France amene tili naye pa asainimenti, ngati munthu womasula mfundo ya chingwe chonyowa, ndiye dzulo cha m'ma 11 koloko usiku zinthu zangomasuka zokha, osati mu laibulale ayi, pachitseko cha chipinda changa magetsi atazima. Ndati ndilembe msanga mutu usanazizire chifukwa ndimadzidziwa, ndikagona kawiri zonse ziuluka.

Za Saussure, katswiri wa zilankhulo wa ku Switzerland uja, sindibwereza, tonse tinazidya chaka chatha mpaka kukhuta nazo, langue ndi parole (dongosolo la chilankhulo ndi kulankhula kwenikweniko), signifiant ndi signifié (kamvekedwe ka liwu ndi ganizo lake), mukuzidziwa. Chimene chimandizunguza ine ndi nkhani ya Benveniste ya 1958 ija, De la subjectivité dans le langage, pomwe amati munthu amakhala "ine" chifukwa choti wanena kuti "ine". Ndinkawerenga n'kumati bambo awa akutiseweretsa eti, zikusiyana pati ndi kunena kuti madzi ndi onyowa chifukwa ndi madzi. Ndinadula mzere kunsi kwake ndi bolopeni yofiira, mawa lake yobiriwira, ngati kuti vuto linali inki.

Ndiye dzulo mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anachedwa kubwera, ine nditakhoma kale. Go go go. Ndikuti "ndani?" iye "ndine." Mdima uli bii, mawu ake atasasa ndi chimfine, ine mtima uli phaphapha, ndikuti "ndinu ndani?" iye atakwiya "ndine aise, tatsegula!" Ndili chiimire kiyi ali m'manja ndinangoti haa. Mnyamatayu sananame, koma sanandiuzenso chilichonse. Akanakhala wakuba nayenso akanati ndine, ndipo naye sakananama. Mawu akuti "mbuzi" ali ndi tanthauzo lake limene limakhala phee mu dikishonale kaya wina awatchule kaya ayi, koma "ine" alibe mwini. Ali ngati mpando wa ometa, amene wakhalapo nthawi imeneyo ndiye mwini wake, ukangotseka pakamwa mnzako n'kuyankha basi wadzukapo, wasanduka "iwe", iye ndiye "ine" tsopano. Ndinatsegula chitseko ndikuseka ndekha, mnzanga anayesa ndalawa kenakake.

Sindinagone. Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kubwerera ku nkhani yake ya 1946 yonena za anthu mu mneni, imene poyamba ndinangoidumpha. Mmenemo amatenga mayina amene akatswiri akale a galamala ya Chiarabu ankagwiritsa ntchito. Ife tinazolowera kuwerenga woyamba, wachiwiri, wachitatu ngati ana atatu a mimba imodzi, koma iwo ankati wolankhula, wolankhulidwa naye, ndi amene palibe. Amene palibe! Benveniste akuchoka pamenepo n'kunena kuti wachitatuyo si munthu n'komwe m'lingaliro la galamala, ndi chilichonse chimene awiri akukambirana, kaya mfumu kaya mwala. Anthu enieni ndi awiri okha, ine ndi iwe, ndipo amasinthana.

Apa ndi pomwe ndinadzuka n'kukhala tsonga, chifukwa m'Chichewa zimenezi zili poyera kuposa m'Chifalansa chake chomwe. Taonani. Ndagwa. Wagwa iwe. Kaya ndine mwamuna kaya mkazi kaya kamwana, ndi "nda" basi. Koma pitani kwa wachitatuyo muone chipwirikiti: mwana wagwa, dengu lagwa, chitseko chagwa, nyumba yagwa, kambalame kagwa, timiyala tagwa. Magulu a mayina onse aja amene tinkaloweza ku sekondale mpaka mutu kuwawa, agwirizanitsi awo onse amakhala kwa amene palibeyo. Kwa ine ndi iwe kulibe gulu. Zaka zonsezi ndakhala ndikulankhula umboni wa mfundo ya munthu uyu tsiku ndi tsiku osadziwa.

Palinso china chimene amatchula mu 1958 momwemo, kulumbira. Ndikanena kuti "ndikulumbira" kapena "ndikulonjeza" ndiye kuti ndadzimanga, chinthucho chachitika pompo polankhulapo. Koma "akulonjeza" ndi lipoti chabe, palibe wamangidwa. Mneni yemweyo, nthawi yomweyo, kwangosintha kachidutswa kakutsogolo. Amene munabwereketsako ndalama mukudziwa kusiyana kwa "ndibweza Lachisanu" wotuluka mkamwa mwa mwini ngongole ndi "akuti abweza Lachisanu" wobwera ndi mlongo wake. Ndipo izi anazilemba buku la 1962 lija la Austin, wafilosofi wa ku England amene ananena kuti mawu ena amachita chinthu pongowalankhula, lisanatuluke, ngakhale m'kalasi ulemu wonse timangopereka kwa Austin.

Nditamva mfundoyi ndinafuna kudziwa kuti munthuyu anali ndani, chifukwa m'manotsi mwathu ali ngati dzina la pamanda, zaka ziwiri ndi kamzere pakati. Kani si Mfalansa wobadwira ku Paris. Anabadwira ku Aleppo, ku Syria, mu 1902, m'banja la Chiyuda, makolo ake ankagwira ntchito m'masukulu a bungwe la Ayuda lotchedwa Alliance israélite universelle, ndipo dzina lake lobadwa nalo linali Ezra. Mu 1913, ali ndi zaka 11 zokha, anamutumiza ku Paris kusukulu yokonzekeretsa arabi, atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda aja. Urabiwo sanaufike. Anakopeka ndi zilankhulo, Sylvain Lévi katswiri wa za India uja anamuona kuti mwanayu ali ndi mutu, kenako anakhala wophunzira wa Antoine Meillet, katswiri wa zilankhulo wa ku Paris. Mu 1924 anatenga unzika wa France n'kukhala Émile. Sindikunena kuti munthu wosintha dzina ndi dziko ndiye kuti basi alemba za "ine", zimenezo ndi zanga zongoganiza usiku, koma zinandikhudza ndithu kuti Ezra ndi Émile onse ankadzitcha ndi liwu limodzi lomwelo.

Za Meillet ndi zofunika kwambiri. Meillet anaphunzitsidwa ndi Saussure mwiniwake nthawi imene Saussure ankaphunzitsa ku Paris, 1881 mpaka 1891, ndiye Benveniste ndi mdzukulu wa Saussure m'maphunziro. Koma Saussure amene anafika kwa iye kudzera mwa Meillet si wa buku lija la Cours yekha amene ife timamudziwa, ndi Saussure wofananitsa zilankhulo zakale, wokumba mizu ya mawu. N'chifukwa chake moyo wake wambiri Benveniste anathera pa zinthu zimene ife sitiziwerenga n'komwe, zilankhulo zakale za ku Iran, Chisogdian chimene anamalizitsa galamala yake imene Robert Gauthiot anaisiya atamwalira ndi mabala a nkhondo mu 1916, ndi buku lake la 1935 la kapangidwe ka mayina m'zilankhulo za Indo-European, banja lija la zilankhulo zambiri za ku Ulaya, Iran ndi India. Analowa m'malo mwa Meillet ku sukulu ya ukachenjede ya École pratique des hautes études mu 1927 ali ndi zaka 25, zaka zimene ena a ife tidakalimbana ndi digiri yoyamba, kenako ku Collège de France mu 1937. Ndiye akamanena za mlowam'malo sakungolota ali pampando, waona zilankhulo zambirimbiri mmene zimachitira. Ndipo agogo ake a m'maphunzirowo sanawaope, mu 1939 analemba kuti Saussure anasokoneza pa nkhani ya arbitraire ija, yoti palibe chifukwa chimene liwu lakuti limaimira ganizo lakuti. Iye anati kwa mwini chilankhulo mawu ndi ganizo lake n'zomatirirana, sungazilekanitse, chimene chilibe chifukwa ndi ubale wa chizindikiro chonsecho ndi chinthu chenicheni cha kunjaku.

Sanalinso munthu wongokhala m'mabuku. Ali mnyamata anakakhalako ku India ngati mphunzitsi wa ana a banja lolemera la Tata, mu 1925 anasaina nawo chikalata cha gulu la alembi ndi ojambula lotchedwa ma surréaliste chotsutsa nkhondo imene France inkamenya ku Morocco, mu 1940 anagwidwa ukaidi pa nkhondo, anathawa, kenako anakabisala ku Switzerland. Mchimwene wake Henri anatengedwa n'kukafera ku Auschwitz, msasa wa a Nazi wophera Ayuda uja. Zonsezi m'kalasi sitinamveko ngakhale chimodzi.

Ndipo apa ndidandaule pang'ono, mundikhululukire. Alekichala athu Benveniste anamupatsa silaidi imodzi. Imodzi! Dzina, 1902 mpaka 1976, liwu loti deixis (mawu olozera amene tanthauzo lake limadalira wolankhula, malo ndi nthawi), ndi "here, now, I" basi tapita kwina. Nditakweza mkono kufunsa kuti nanga bwanji akuti wachitatu si munthu, anandiyankha kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Chabwino mwina sizibwera, komatu funso la asainimenti likuti tifotokoze mmene Benveniste anapitirira Saussure, ndiye tifotokoza ndi chani, ndi zaka zake zobadwa? Sindikuwada ayi, kalasi yathu ndi yaikulu ndipo semesita ino anaipanikiza ngati matumba mu minibasi, mitu khumi ndi iwiri m'masabata ochepa, iwonso akuthamangitsidwa. Koma zimawawa kuti chinthu choti akanangotiuza kuti tagogodani pachitseko muone, ine chanditengera masabata atatu ndi bandulo ya intaneti yosawerengeka. Buku lake la Problèmes de linguistique générale la 1966, lomasuliridwa m'Chingerezi, mu laibulale likuoneka pa kompyuta kuti lilipo koma pa shelefu palibe, wina analibisa kuseri kwa mabuku ena ngati mwa masiku onse. Amene munachita zimenezi Mulungu akukuonani.

Njira imene yandipulumutsa, ndipo ndikuuzani ndi mtima wonse kuti palibe ina yoposa iyi, ndi yotembenuza chitsanzo chilichonse kuchiika m'Chichewa n'kuchilankhula mokweza kwa munthu wamoyo. Osati kumasulira mfundo yake ayi, chitsanzo chokha. Mukaona "je" ndi "tu", ine ndi iwe wa m'Chifalansa, musaloweze, itanani mnzanu mukangane naye za mbale yosatsuka muone mmene ine ndi iwe akudumphira uku ndi uku. Ine ndatsimikiza kuti mutu uliwonse wa kosi ino ungagonje ndi njira imeneyi, mafulashikadi ndi magulupu okambirana aja ndi kutaya nthawi chabe, mumangogawana umbuli ndi mandasi. Mnzanga wina akuti ndikukokomeza, akuti nanga fonoloje ya Chifalansa uiika bwanji m'Chichewa, ndamuuza kuti tikafika pamenepo tiona.

Ndinaiyesanso pa nkhani ina yake ya 1958, ya magulu a maganizo ndi magulu a chilankhulo, pomwe amati magulu khumi a Aristotle aja kwenikweni ndi galamala ya Chigiriki itavala jekete la filosofi. Kuti aonetse zimenezi anatenga Chiewe cha ku Togo ndi Ghana, n'kuonetsa kuti ntchito imene Chigiriki chimagwira ndi mneni mmodzi wa "être", kutanthauza kukhala kapena kukhalapo, Chiewe chimaigawa kwa aneni asanu. Ine pompo ndinayamba kuwerenga zathu, "ndi mphunzitsi", "ali kumunda", "kuli njala", "amakhala ku Zomba", "si iye". Aristotle akanabadwira kwathu kuno kaya akanafunsa funso lomwelo la kukhalapo kwa zinthu, kaya akanayamba ndi kufunsa kuti pali, kuli ndi muli zikusiyana bwanji. Wafilosofi wa ku France Derrida anadzamutsutsa Benveniste pa nkhani imeneyi, ndayesa kuwerenga kutsutsako masamba atatu ndinagona, ndiye za izo musandifunse panopa.

Koma pali pamene njira yanga yomweyi yandibweretsera mavuto. Kwathu apongozi kapena agogo sungawauze kuti iwe, ngakhale inu nthawi zina amachepa, umati "agogo adzuka bwanji?" uli nawo maso ndi maso, kapena "akufuna tiyi kodi?" ukuwapatsira kapu m'manja. Ndiye amene palibe uja ali pompano, wakhala pamkeka, ndipo ndi munthu kuposa tonse m'nyumbamo. Benveniste anaziona zoterezi m'zilankhulo za ku Ulaya, amati kulankhula munthu ngati wachitatu kumatha kumukweza pamwamba pa ubale wa ine ndi iwe, kapenanso kumunyoza ngati si munthu. Zomveka, ndipo kunyozako timakudziwa, "kakuti chani aka" munthu ali pomwepo. Komabe sindikukhutira kwenikweni. Ndikamati "agogo adzuka bwanji" sindimva ngati ndawachotsa pa ubale, ndimamva ngati ubalewo ndi umenewo. Mwina ndikusakaniza galamala ndi mmene mtima umamvera, mwina iye akunena za kapangidwe chabe ine n'kumayankha za mwambo. Sindinathane nazo.

China chimene chandisowetsa tulo ndi mathero a moyo wake. Mu Disembala 1969, chaka chomwe anatulutsa mabuku ake awiri a mawu a chikhalidwe cha Indo-European, anadwala sitiroko imene inamulanda kulankhula. Anakhala choncho pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri mpaka kumwalira mu 1976. Munthu amene analemba kuti timakhala "ine" ponena kuti "ine", zaka zonsezo osatha kunena. Anthu ngati Julia Kristeva, katswiri mnzake wa zilankhulo, ankapita kukamuona kuchipatala, ndipo ankamulankhula ngati munthu amene alipo, osati amene palibe. Ndiye kodi chimamusunga munthu pampando uja ndi chani, kunena kwake kapena kuitanidwa ndi ena? Mwina yankho lili momwemo m'mfundo yake, poti ine sakhalapo popanda iwe, ndiye bola pali wina wokuti iwe. Kapena mwina mfundoyo ili ndi malire amene ine sindinawaone chifukwa ndangoimva dzulo ndipo ndidakali woledzera nayo. Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka ziwiri, amadzitchula ndi dzina lake, "ine" sanayambe, koma mukamulanda chitumbuwa mudziwa kuti mwini wake alipo.

Asainimenti ndi ya Lolemba ndipo sindikudziwa ngati ndiikemo za agogozi kapena ndingolemba zimene zili pa silaidi ndipeze mamalikisi anga. Amene munachita kosi iyi chaka chatha tandiuzeni, amadula mamalikisi munthu ukaika zitsanzo za Chichewa?