Makala otopa sachira ndi dzuwa

Sabata ino ndapsa mtima, ndipo anzanga osamalira madzi oipa m'zipatala mundimvetsa. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kuyeza pH (kuchuluka kwa asidi m'madzi), kuchotsa matope, kutsuka sefa ya mchenga, kuthira klorini. Zandikwiyitsa ndi za Lachitatu.

Kuno madzi ochokera m'mawodi amamalizira m'thanki ya activated carbon, makala apadera osefera madzi opangidwa ndi makoko a makademiya. Makala amenewa ndiwo amagwira mankhwala otuluka ndi mkodzo wa odwala, monga ciprofloxacin ndi Bactrim, omwe klorini payekha sawatha. Koma amakhuta. Timabowo tawo tikadzaza, mankhwala amangodutsa, madziwo akuoneka oyera bwinobwino.

Lachitatulo ndinatapako makala m'thankimo, n'kuwathira m'botolo la madzi a methylene blue, utoto wabuluu woyesera mphamvu ya makala, n'kukhutchumula. Makala amphamvu amayeretsa madziwo uli chiyang'anire. Awa ayi, madzi anangokhala bii ngati inki. Atopa, ofunika kulowa m'ng'anjo. M'menemo amafuna moto wa madigiri 800 kapena kuposerapo, mosalowa mpweya, kuti zomwe anameza zipse. Kuwotcha kulikonse timatayapo pakati pa 5 ndi 10 peresenti, komabe n'zotchipa kusiyana ndi kugula atsopano.

Ng'anjo yathu inafa kalekale. Waya wotenthetsa anapsa, ndipo chikalata chopemphera wina chikungozungulira m'maofesi. Nditakadandaula, abwana anati, "Achimwene, ingowatsukani, muwayanike padzuwa, muwabwezeremo. Si makala basi?" Ndinawafotokozera kuti kutsuka kumangochotsa ndere ndi matope apamwamba, mankhwala amatsalira mkati. Iwo akuti ndalama za mwezi uno zapita ku dizilo wa jenereta.

Za dizilo ndikumva, ku fiyeta magetsi sangazime. Koma kumunsi kwa paipi yathu kuli madimba, ndipo amayi amathirira mpiru ndi tomato ndi madzi omwewa. Tizilombo tikamakumana ndi mankhwala ochepachepa tsiku ndi tsiku timawazolowera, kenako ife m'wodi timadabwa kuti odwala sakuchira.

Ndinakana kuwabwezeramo. Ndinatsegula thumba lomaliza la atsopano lomwe tinasunga, n'kuchepetsa liwiro la madzi kuti azikhalitsamo. Otopawo ndawatsekera m'migolo yolembedwa chenjezo, kuopa kuti wina angawatole.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinathera pa lipoti ndi pafoni, kufunafuna labu ya kuyunivesite yomwe ingatilole kuwotchera m'ng'anjo yawo. Thumba lija silitifikitsa kumapeto kwa mwezi wamawa.