Mpira umafika usanamalize kuganiza

Loweruka lapitali ndinalowa m'kachipinda ka ukonde komwe anthu amayesererako kumenya mpira wa baseball kuno ku Osaka. Ndinaponya makobidi m'makina, n'kusankha liwiro la makilomita 110 pa ola, ndodo ili paphewa. Pa mipira 20 yomwe makinawo analavula, ndinakhudza isanu, iwiri mwa iyo inangokhula ndodo n'kuthawira kumbuyo. Manja anachita dzanzi mpaka m'zigongono. M'sitima pobwerera ndinkangolingalira magemu a pa sikirini a baseball omwe ndasewera zaka zitatu tsopano, kuti ndi iti yomwe inandiuza zoona.

Ine baseball sindinakule nayo. Kwathu ku Zomba unali mpira wachikulunga basi. Ndinaidziwira pa sikirini, mnzanga wa m'kalasi atandibwereka Powerful Pro Baseball ya Konami, ija ya tianthu tamitu ikuluikulu topanda mphuno kapena pakamwa, yomwe inayamba kutuluka mu 1994. M'menemo womenya amakhala ndi kachizindikiro kooneka ngati kabwalo komwe umakayendetsa ndi chala chachikulu kuti kakumane ndi mpira. Ukafuna kumenya mwamphamvu kamachepa, kungotsala kakadontho, ndiye ukaphonya pang'ono zako zada. MLB The Show ya Sony ilinso ndi njira yofanana, amaitcha Zone, ndipo kachizindikiro kake amakatcha PCI.

Mnzangayo, yemwe anasewerapo baseball kusekondale, amadana nayo njira imeneyi. Akuti palibe womenya amene amaona kabwalo kakuyandama m'malere, ndipo chala sindiye mapewa ndi chiuno. Iye amakonda njira yokokera kandodo ka pa padi kumbuyo n'kukakankhira kutsogolo, monga muja mwendo umapondera thupi lisanatembenuke. Kampani yopanga magemu ya EA inaiyesa mu MVP 06 NCAA Baseball, The Show n'kubweretsa yawo mu 2011. Ndimamumvetsa. Ngakhale Wii Sports ya 2006 inatiimitsa pabalaza n'kumazunguza rimoti ngati ndodo yeniyeni.

Koma m'ukonde muja chomwe chinandigonjetsa si kuzunguza ndodo. Mwana aliyense angathe kutero. Chinandigonjetsa ndi maso. Kuchoka pomwe woponya amaima kufika kwa womenya ndi mamita 18.44 okha, ndipo mpira wa makilomita 150 pa ola sutha n'theka la sekondi lomwe panjirapo. M'kanthawi kameneko uyenera kudziwa ngati ukubwera m'mwamba kapena m'munsi, ngati ukhota, ndiponso ngati ndi woyenera kuumenya kapena kuusiya. Pa Wii mpira umadzipezera wokha ndodo bola wagwira nthawi. Pa Zone palibe wokuthandiza. Slider, mpira woponyedwa mokhotetsa, imabwera ngati ikulunjika pakati, chala chimathamangira komweko, iwe wadina kale batani, mpirawo uli kunja uko pafupi ndi fumbi. Mtima umachita kuti myuu, chimodzimodzi mmene unachitira Loweruka lija nditamenya mphepo mpira uli kale muukonde kumbuyo kwanga. N'chifukwa chake ndimati kabwalo kabodza kaja ndiko kali pafupi ndi zenizeni.

MVP Baseball 2005 inalizindikira vutoli mwanjira ina. Mpira unkasintha mtundu uli m'dzanja la woponya, kuti udziwe msanga chomwe chikubwera, ngati mmene akatswiri amawerengera kazunguliridwe kake. Sizokongola kuona, koma anayang'ana pamalo oyenera.

Pali china chomwe anthu amakwiya nacho mu The Show: wakhazika PCI pamwamba penipeni pa mpira, nthawi wagwira, koma mpirawo ukulowa m'glovu ya munthu ali chiimire. Kale nanenso ndinkaona ngati gemu yandibera. Kenako ndinayang'ana za Ichiro, katswiri womenya wa ku Japan. Mu 2004, ali ku timu ya ku America ya Seattle Mariners, anamenya bwino ka 262, zomwe palibe anazifikapo m'chaka chimodzi, komabe pa maulendo khumi alionse ankalephera oposa asanu ndi limodzi. Gemu yomwe ingandipatse mphotho nthawi zonse ndikachita bwino ikhala ikundinamiza.

Chomwe padi singandipatse ndi dzanzi lija, ndi mantha a chinthu cholimba chikudutsa pafupi ndi nthiti. Imanjenjemera pang'ono m'manja, basi. Pamenepo mnzanga akunena zoona ndipo sindimutsutsa.

Loweruka likudzali tagwirizana kupitira limodzi. Ndisankhanso 110, koma mipira itatu yoyamba sindiimenya. Ndingoima n'kumaiyang'ana kuchokera pomwe ikutulukira mpaka itagunda ukonde.