Chilolezo cha kafukufuku wa zandale: kalata ya bwanamkubwa inandizunza

Tsopano mtima wakhala pansi, makalata onse a chilolezo ali m'manja ndipo ophunzira anga alowa m'midzi. Ndimaphunzitsa zandale pa yunivesite, ndipo funso langa ndi limodzi: munthu akalandira ndalama kwa wopikisana pa kampeni, voti yake imapitadi komweko? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, koma yankho lenileni lili ndi ovota, osati m'buku la malamulo. N'chifukwa chake sindilola wophunzira kumaliza digiri asanakhalepo pamphasa ndi ovota.

Inu amene mukufuna chilolezo cha kafukufuku, za kalembedwe ka pulopozo, chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, sindinena. Komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu inandibwezera mapepala chifukwa fomu yopempha chilolezo kwa oyankha inali m'Chingerezi chokha. Apa sindidandaula, analondola. Fomu yanu ikonzeni m'Chichewa, ndipo ngati mukupita kumpoto kapena kunyanja muikenso m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Mulembe momveka kuti dzina la munthu silidzatuluka, chifukwa nkhani ya voti anthu amaiopa. Ndalama ya komiti mulipire kubanki msanga, risitiyo muichite fotokope.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi ofesi ya bwanamkubwa wa boma lina. Kalata ya komiti ndinali nayo, ya yunivesite ndinali nayo, chotsala chinali siginecha ndi chidindo basi. Ndinafika m'mawa kwambiri. Akuti abwana ali kumsonkhano kunyanja, wachiwiri wawo wapita kumaliro, chidindo achitsekera m'dirowa. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, galimoto ya hayala ikudikira panja, ophunzira akudya ndalama ya kumudzi ali patauni. Madzulo mayi wa pa desiki anangoti, "Achimwene, mubwere mawa." Mawa lake kalata yanga inali itasowa.

Chitani fotokope chilichonse, ndipo pamene mwasiya kalata pemphani kuti akudindireni pa kope yanu kuti yalandiridwa.

Chinandipweteka koposa ndi bambo wina wa muofesimo atawerenga mutu wa kafukufuku. "Aphunzitsi, mwatumidwa ndi chipani chiti?" Dziko lino tinasankha zipani zambiri pa riferendamu ya 14 June 1993. Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha Tipp-Ex, tinakavotanso pa 23 June 2020. Zonsezi tadutsamo, koma wofunsa mafunso a ndale amaonedwabe ngati kazitape. Ndinawafotokozera modekha, ngakhale m'mtima munkatentha, kuti ine ndi ophunzira anga sitinyamula nsalu ya chipani chilichonse.

Ndaiwala kunena: musanapite kuboma imbani foni kaye mufunse tsiku limene abwana amakhala muofesi, ndipo pewani Lachisanu. Mutenge kope ya mafunso anu, amafuna kuwaona. Komanso chilolezo cha komiti chimatha nthawi, ndiye tsiku lililonse lotayika pabenchi likudya nthawi yanu ya kumudzi.

Kalatayo itadindidwa, zotsala zinayenda bwino. Muyambe mwaonekera kwa mfumu yaikulu, iyo ikutumizani kwa agulupu, agulupu kwa nyakwawa. Osadumpha ngakhale mmodzi. Gogo chalo ina inatilandira bwino, n'kutichenjeza kuti tisavale zovala za mtundu wa chipani. Ophunzira anga ndinawauza kuti buluu, zobiriwira, zachikasu ndi zofiira zitsale kuhositelo. Musafunsenso mafunso mfumu ili pompo, anthu amayankha zoti zikomere mfumuyo.

Ndibwerezenso za fotokope zija. Kumudzi kulibe makina, ndipo gulupu aliyense amafuna kope yakeyake yokhala ndi chidindo cha kuboma. Ife zinatithera pakati pa ntchito, wophunzira wina anachita kukwera kabaza kubwerera kutauni kukachititsa zina.