Pa fomu ndi atatu, pa mphika ndi asanu ndi anayi

Pakhoma la kaofesi kanga pali pepala limodzi limene ndimasintha chaka chilichonse. Palembedwa manambala a mzere wa umphawi amene boma la America limatulutsa kumayambiriro kwa chaka. Mu 2025, chaka chimene zimene ndikufotokoza panozi zinachitika, munthu mmodzi anali madola 15,650 pachaka, ndipo aliyense wowonjezereka m'banjamo ankakweza nambalayo ndi madola 5,500. Ntchito yanga yonse yakhazikika pa pepala limeneli. Ndimagwira pa kachipatala kena kumpoto kwa Indiana, kufupi ndi South Bend kumene kuli Amalawi ambiri, ndipo udindo wanga kuno amautcha navigator. Ndimakhala pansi ndi munthu, kuwerengera limodzi zimene amapeza ndi anthu a m'nyumba mwake, n'kuona ngati angalowe mu Medicaid, inshulansi ya zaumoyo imene boma limalipirira anthu opeza zochepa. Wovomereza kapena kukana si ine. Ine ndimangothandiza kuti zimene zipite ku ofesi ya boma zikhale zoona komanso zokwanira.

Kwa wa kumudzi amene akuwerenga, ndinene kaye chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu. Kwathu ukadwala umatenga buku la kuchipatala, n'kukafola pa chipatala cha boma. Mankhwala mwina ukawapeza, mwina akuuza kuti ukagule, koma pakhomo sakufunsa khadi. Kuno akuthandiza ndithu ukafika uli kayakaya, lamulo la 1986 limawakakamiza kutero, koma bilu imakutsatira kunyumba, ndipo bilu ya usiku umodzi imatha kuposa malipiro a miyezi ingapo. Medicaid inayamba mu 1965 nthawi ya Lyndon Johnson. Poyamba inali makamaka ya ana, makolo osaukitsitsa, okalamba ndi olumala. Lamulo la 2010 ndilo linatsegula khomo kwa akuluakulu wamba opeza mpaka 138 peresenti ya mzere uja, ndipo Indiana inalowa mu 2015 ndi pulogalamu yake yotchedwa Healthy Indiana Plan, imene tonse timangoti HIP.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina wa kwathu atavala yunifolomu ya buluu, akuchokera ku shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Maso anali psuu. Tinapatsana moni, tinafunsana za kumudzi, kenaka anatulutsa m'chikwama kalata yopindika ndi timapepala tiwiri ta malipiro. Kalatayo inkati malipiro awo akwera, choncho HIP itha kumapeto kwa mwezi.

Ndinayamba monga ndimayambira nthawi zonse. "Mayi, m'banja mwanu mulimo angati?"

Sanachedwe. Anayamba kupinda zala. Iwowo, ana awo awiri amene ali nawo kuno, mayi awo ku Ntcheu, ana anayi amene anasiya malemu mng'ono wawo, ndi mlongo wawo amene amayang'anira munda ndi anawo. "Asanu ndi anayi, achemwali. Onsewa amadya za m'manja mwangamu."

Ine ndinalemba 3.

Palibe mbali ya ntchitoyi imene imandivuta kuposa imeneyi, ndipo zaka zonsezi sindinaizolowere. Banja la pa fomu limatsatira malamulo a msonkho. Ndi iwe, mwamuna kapena mkazi wako, ndi anthu amene umawalemba pa pepala lako la msonkho kuti umawasunga. Ndipo lamulo la msonkho silikulola kulemba m'bale amene si nzika ya America komanso sakhala ku America, Canada kapena Mexico. Mayi wako akhale kuti mchere, sopo, feteleza ndi mankhwala zonse amadalira iwe, ngati ali ku Ntcheu, pa fomu kulibe. Ndalama imene umatumiza mwezi ndi mwezi sichotsedwanso pa malipiro ako. Kwa owerengera, madola 400 amene mayiwa amatumiza akadali m'thumba mwawo.

Sanakwiye. Anangoti, "Ndiye ana amasiye aja ndi a ndani?" Ndinalibe choyankha chimene chikanawathandiza, ndiye ndinatembenukira ku manambala.

Kwa anthu atatu malire a HIP mu 2025 anali madola pafupifupi 3,065 pamwezi. Mayiwa amalandira milungu iwiri iliyonse. Apa ambiri amalakwitsa, amangophatikiza timapepala tiwiri n'kunena kuti ndi za mwezi. Koma wolandira milungu iwiri iliyonse amalandira ka 26 pachaka, osati ka 24, choncho za pamwezi zimakwera pang'ono kuposa mmene iye amaganizira. Kapepala koyamba kanali ndi madola 1,360, maola 80 enieni. Kachiwiri kanali ndi 1,580, chifukwa anatenga ovataimu kuti apeze fizi ya teremu yachitatu ya ana awiri a ku sekondale. Titawerengetsa zinapitirira malire ndi madola zana limodzi ndi kanthu. Fizi ya ana amene fomu sikuwadziwa ndi imene inawachotsetsa pa inshulansi.

Ndinatenga timapepala tija n'kuwerenga mzere ndi mzere, chala chili pa pepala. Chakumunsi, pakati pa misonkho, panali kamzere ka 401(k), ndalama ya penshoni imene abwana amadula msonkho usanawerengedwe. Inali 5 peresenti. Mayiwa anaiwala n'komwe kuti anasainira zimenezi tsiku lolembedwa ntchito. Koma Medicaid imayang'ana ndalama imene imalipiridwa msonkho, ndiye ya penshoni yotereyi siwerengedwa. Titaichotsa, anagwera pansi pa malire ndi madola makumi angapo. Tinajambula timapepalato, ndinalemba kalata yaifupi yolozera kamzere kaja ndi kufotokoza kuti ovataimu si ya mwezi uliwonse, n'kutumiza tsiku lomwelo. Ndinawauzanso kuti ana awo awiri a kuno asawadere nkhawa, iwo ali mu Hoosier Healthwise, inshulansi ya boma ya ana kuno ku Indiana, ndipo malire a ana ndi okwera kwambiri, amafika cha m'ma 250 peresenti ya mzere wa umphawi. Mapewa anatsika pang'ono atamva zimenezo.

Lachiwiri linali la makalata ndi foni. Bambo wina anazindikira kuti khadi lake lafa ali pa kauntala ya famase, akufuna mankhwala a mphumu. Malipiro ake sanasinthe ngakhale pang'ono. Anangosamuka nyumba mu Januwale, fomu yoti atsimikizenso zinthu zake inapita ku keyala yakale, masiku n'kutha. Anthu otere ndawaona ochuluka kuyambira mu Epulo 2023, pamene lamulo la nthawi ya COVID-19 loletsa kuchotsa anthu pa Medicaid linatha ndipo aliyense anayamba kuunikidwanso. Ambiri amene anadutsa pa desiki yanga nthawi imeneyo sanachotsedwe chifukwa cholemera. Anachotsedwa ndi envelopu imene sanaione, kapena anaiona n'kuiika pamwamba pa firiji poganiza kuti ndi zotsatsa malonda. Mwayi wake bamboyu, munthu akabweza fomu pasanathe masiku 90 chichotsedwereni, amaunikidwanso popanda kuyambira pachiyambi. Iye anali pa tsiku la 52.

Lachitatu ndinalandira achimwene ena ochokera ku Elkhart, kumene kuli mafakitale ambiri opanga magalimoto okhala ndi chipinda chogona aja. Ntchito ya kumeneko ili ngati mvula, ikagwa imagwa yambiri, ikadula imadula. Awa anawaimitsa milungu itatu yapitayo. Anabwera chifukwa cha dzino lotupa, ndipo zoti angalowe mu HIP anali atazitaya kale. "Chaka chatha ndinapanga ndalama zambiri, asisi, andikana basi." Ndinawafotokozera kuti Medicaid imayang'ana za mwezi uno, osati za chaka chatha. Ndalama imene boma limapereka kwa oimitsidwa ntchito imawerengedwa, koma yawoyo inali pansi pa madola 1,800, amene anali malire a munthu mmodzi. Tinadzaza fomu. Boma lili ndi masiku 45 oti liyankhe, ndiye za dzino tinawalembetsa kwa dokotala wathu wa mano pa mtengo wotsika.

Akutuluka anati mnzawo akuwaitana ku Texas, kuli ntchito. Ndinawakhazikanso pansi. Texas ndi chimodzi mwa zigawo khumi zimene sizinatsegule khomo la 2010 lija, pamodzi ndi Florida ndi zina. Kumeneko mwamuna wa zaka 34, wopanda mwana, wosalumala, sangalowe mu Medicaid ngakhale atakhala kuti sapeza kalikonse. Sindinawaletse kupita. Ndinangofuna kuti akamakwera basi akhale akudziwa chimene akusiya.

Lachinayi ndi tsiku limene ndinapita kunyumba mtima uli wolemera. Mtsikana wina, nzika ya kuno tsopano, anabwera ndi mayi ake a zaka 58 amene anawaitanitsa kuchokera ku Zomba zaka ziwiri zapitazo. Mayiwo anakhala pampando atafunda chitenje pamwamba pa juzi, manja ali pamiyendo. Ali ndi shuga ndi BP. Mapepala awo onse ndi olongosoka, green card, chitupa chowalola kukhala kuno mokhazikika, ili m'manja, ndipo sapeza ndalama iliyonse, amalera zidzukulu. Pa nkhani ya ndalama akanalowa mosavuta. Koma lamulo la 1996 limati munthu wamkulu wa green card adikire zaka zisanu asanalandire Medicaid yonse. Asanakwanitse zakazo, imene ingawalipirire ndi ya mwadzidzidzi yokha, ya pamene moyo uli pachiswe. Shuga sadikira zaka zitatu. Amadya maso, impso ndi mapazi mwakachetechete, ndipo tsiku limene adzakhale matenda a mwadzidzidzi, zambiri zidzakhala zitawonongeka kale. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi lolakwika, ngakhale pa nkhani ya ndalama yeniyeniyo, poti mapilitsi a mwezi ndi otchipa kutalitali poyerekeza ndi kudula mwendo.

Ndinawauza zoona, m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndikuyang'ana mayiwo osati mwana wawo. Iwo anati, "Zikomo mwanangu, musadandaule, tizingopemphera." Ndinati kupemphera tipemphera, mayi, koma mankhwala mumwanso. Zipatala za mtundu wathuwu zimalandira thandizo la boma kuti zizilipiritsa munthu molingana ndi zimene amapeza, ndipo sizibweza wodwala chifukwa chosowa ndalama. Tinawalembetsa pa mtengo wotsikitsitsa, namwino anawayeza shuga tsiku lomwelo, ndipo ndinapangana ndi mwana wawo kuti sabata yamawa tidzaone inshulansi yogula pa HealthCare.gov. Pa kalendala yanga ndinalemba mwezi ndi chaka chimene zaka zisanu zidzakwane.

Lachisanu linandipatsa mpumulo. Kunabwera mtsikana wa zaka 26, wakhala kuno kuyambira ali mwana koma Chichewa chake n'chosasweka, amagwira m'sitolo ndipo amapeza madola 2,300 pamwezi. Chaka chatha anakanidwa HIP chifukwa ali yekha ndipo malipiro ake ankapitirira malire a munthu mmodzi. Anabwera kudzafunsa ngati pali china. Fomu anali atadzaza kale kunyumba, ndipo pa funso loti kodi ndinu woyembekezera anachonga kuti ayi. Koma ndinaona mabisiketi owuma m'chikwama, ndi mmene anakankhira kutali kapu yanga ya khofi. Ndinatseka chitseko.

"Mng'ono wanga, funso ili ndikufunsanso, ndipo yankho silituluka m'chipinda muno kupita kwa wina aliyense wa kutchalitchi kapena kwanu."

Anayang'ana pansi. Miyezi itatu. Ngakhale azakhali ake amene anamulera sanawauze. Kwathu pathupi salengeza, amadikira kuti paoneke pokha, ndipo mwana amene sanabadwe samuwerenga, samugulira ngakhale thewera poopa kuitana tsoka. Ndimazimvetsa, inenso ndinaleredwa choncho. Koma apa pokha fomu ya boma imawerenga munthu amene ife sitimuwerenga. Mayi woyembekezera amakhala anthu awiri, akakhala mapasa amakhala anthu atatu, ndipo malire ake amapitirira 200 peresenti. Kwa iyeyu anachoka pa 1,800 kufika kupitirira madola 3,600 pamwezi. Sikelo, kuchira, ndi miyezi 12 atachira, zonse zilipiridwa, ndipo mwana wobadwa kwa mayi amene ali pa Medicaid amakhala nayo chaka chake choyamba chonse. Anafufuta yekha pa ayi paja n'kuchonga pa inde, dzanja likunjenjemera. Tsiku la sikelo yoyamba tinalipeza asanatuluke.

Cha m'ma 4 koloko, ndikulongedza, foni inalira. Anali mayi a Lolemba aja. Yankho la boma linali lisanabwere, koma sichimene anaimbira. Abwana awo awafunsa ngati angatenge mashifiti awiri owonjezera Loweruka ndi Lamulungu, ndipo kumudzi aimba kuti mmodzi wa ana aja wabwezedwa kusukulu, fizi sinakwane.

"Nditenge, achemwali?"

Si ine woti ndiwauze kuti akane ntchito, ndiponso sindingawauze kuti abise, chifukwa malipiro akasintha amayenera kunena. Ndinatsegulanso kompyuta, ndinatenga pepala lawo, tinawerengera limodzi pa foni pomwepo. Shifiti imodzi ya ovataimu inali yokwana kuwadutsitsa malire a mwezi uno. Ndinawauza nambala yake yeniyeni, ndi zimene tingalembe pofotokoza kuti ndi za kamodzi, ndi inshulansi yogula imene ingawalandire ngati HIP itatha, ndi ndalama imene ingamawadyere pamwezi. Anakhala chete nthawi yaitali, ndinkangomva wailesi ya m'galimoto mwawo.

"Mwanayo ali Fomu 4," anatero. "Mayeso ali pafupi. Nditenga onse awiri. Lolemba ndibwera ndi mapepala."

Ndinawalemba 9 koloko m'mawa, akangoweruka.