Valavu yatsopano m'kati mwa yakale

Lachiwiri. Ndalowa ntchito kukadali mdima, kamvula ka ku Manchester kakuwaza monga mwa masiku onse. Oyamba pa ndandanda anali agogo ena aakazi a zaka za m'ma 80, odzaikidwa valavu ya mtima kachiwiri. Yoyamba anawaika kalekale pa opaleshoni yaikulu yong'amba chifuwa. Inali yopangidwa ndi kachikopa kokuta mtima wa ng'ombe. Mavalavu oterewa amatumikira zaka 10 mpaka 15, kenako amauma n'kuyamba kukanika kutseguka. Agogowa anafika poti kungochoka pabedi kupita kubafa, ali wefuwefu.

Zowang'ambanso pa msinkhu umenewu madokotala anakana, n'kusankha njira yotchedwa TAVI. Valavu yatsopano amaipinda kuti iwonde, n'kuilowetsa ndi kapaipi pa mtsempha wa mphechepeche, kuikweza mpaka pakhomo la mtsempha waukulu wa aorta, n'kuitambasula m'kati mwa yakaleyo. Yakale sachotsa ayi. Anayambitsa njirayi ndi dokotala wa ku France, Alain Cribier, mumzinda wa Rouen mu 2002, koma iye ankaika pa valavu yobadwa nayo. Zoika m'kati mwa ina yochita kuikidwa zinayamba mu 2007 ku Germany.

Ndikuwakonzekeretsa, agogo atulutsa m'kachikwama kakhadi kothetheka m'mbali, komwe anawapatsa pa opaleshoni yoyamba. Palembedwa mtundu wa valavu ndi kukula kwake: mamilimita 21. Madokotala anali akudziwa kale, koma nkhani yonse ya lero yagona pa nambala imeneyi. Valavu ya 21 ndi yaing'ono, ndipo podutsa magazi penipeni ndi pochepera apo. Ukaika mbale m'kati mwa mbale inzake, yam'katiyo imakhala yocheperapo basi. Munthu akhoza kutuluka ndi valavu yatsopano koma mtima ukukankhabe magazi movutikira. N'chifukwa chake asankha valavu ya mtundu wa Evolut, yomwe timasamba take totseguka ndi kutseka timakhala pamwamba pa mkombero wa yakale, pamene pali danga.

Mantha ena anali a mitsempha iwiri yodyetsa mtima, yomwe makomo ake ali pafupi ndi valavu. Yatsopano ikatambasuka imakankhira timasamba ta yakale kumbali, ndipo tikhoza kutseka makomowo. Zikatero munthu akhoza kutha pomwepo. Sikani ya CT inaonetsa kuti mpata ulipo wokwanira, choncho sipanafunike BASILICA, njira yong'amba kasamba kakale ndi waya wa magetsi asanaike valavu.

Sanawagoneke tulo. Angowabaya wochititsa dzanzi m'mphechepeche ndi pang'ono wowakhazika mtima pansi. Ine ndinali kumutu, ndikuyang'ana BP ndi mpweya, ndikuwacheza. Pa sikirini mkombero wa valavu yakale umaoneka bwinobwino, ndiye dokotala salota poika. Valavu yakhala, koma atayeza apeza kuti magazi akudutsabe mothinana. Apa ndiye agwirizana zothyola mkomberowo. Alowetsa baluni yolimba, athamangitsa mtima ndi waya wa pacemaker kufika 180 pa mphindi kuti usakankhe baluniyo, BP yagwa pansi, tonse chete maso pa geji ya baluniyo. Mwadzidzidzi singano ya geji yatsika, chiuno cha baluni pa sikirini chafutukuka. Wathyoka. Atazimitsa pacemaker mtima wabwerera m'malo mwake, ndipo manambala oonetsa kuthinana kwa magazi atsika mosangalatsa. Agogo angofunsa ngati tayamba kale.

Si mavalavu onse amene amalola kuthyoledwa chonchi, ena zitsulo zake sizigonja. Ine ndimaona kuti dokotala woika valavu yoyamba aziganiziratu za yachiwiri, makamaka masiku ano pamene ya nyama akuika ngakhale kwa anthu a zaka za m'ma 60. Kuika yaing'ono chifukwa ndiyo yosavuta kusoka n'kumusiyira mnzako mtolo.

Masana onse ndinali pa zachizolowezi: kuwagoneka chagada, kuona ngati pabala sipakutupa kapena kuchucha, kugwira mitsempha ya kuphazi, kuwauza akweze manja ndi kumwetulira poopa sitiroko. Chakumadzulo amwa tiyi ndi tositi, akudandaula kuti tiyi wake ndi wamadzimadzi.

Ndili m'basi achemwali aimba kuchokera ku Zomba. Akufunsira mwana wa mnzawo amene anamuika valavu yachitsulo ku India, mtima utawonongeka ndi matenda a rheumatic. Amva zoti kuno tikuika popanda kung'amba. Ndawauza kuti, "Achemwali, m'kati mwa yachitsulo sizitheka. Komanso yachitsulo siitha msanga ngati ya nyama, bola asadumphitse warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo azikayezetsa INR, muyeso wa kaundanidwe ka magaziwo." Akuti vuto ndi lomwelo, pena makina oyezera sagwira. Tagwirizana kuti afufuze ku chipatala china cha ku Blantyre, ndalama ya thiransipoti nditumiza Lachisanu.