Okapi kapena okhapi?

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe amaphunzira pa sekondale ina ku Luwinga kuno ku Mzuzu, amalimbikira kuti nyama imene anaionera pa kanema imatchulidwa kuti "oukhapi", chifukwa umu ndi mmene mzungu wofotokoza pulogalamuyo ankanenera. Ine ndikuona kuti mwanayu akudzivutitsa pachabe.

Okapi ndi nyama ya m'nkhalango zowirira za kumpoto chakum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, makamaka ya Ituri, ndipo anthu ambiri amaiona m'malo osungirako nyama a ku Ulaya ndi ku America. Miyendo yake ili ndi mizere ngati ya mbidzi, koma m'bale wake weniweni ndi kadyamsonga, ndipo lilime lake n'lalitali moti imanyambita nalo maso ake. Dzinali linachokera kwa anthu a m'nkhalangomo, ndipo Alese, mtundu umodzi wa anthuwo, amati o'api. Azungu anangolibwereka.

Polibwereka analipinda kuti ligwirizane ndi pakamwa pawo. Wolankhula Chingerezi amakoka o woyambayo mpaka amveke ngati "ou", kenako amatulutsa mpweya pa k, ndiye ife timamva kh. Kwa iye kusiyana kumeneku kulibe kanthu, pamene kwa ife n'kwakukulu, poti kukala ndi kukhala si chinthu chimodzi. Mmalawi akaliwerenga dzinali monga lalembedwera, o-ka-pi, n'kutalikitsa pang'ono "ka" monga timachitira ndi mawu athu onse, palibe chimene walakwitsa. Ngakhale amalume athu obwera ku Joni ndi mpeni wopinda uja wa Okapi, umene unatengera dzina ku nyama yomweyi, sanavutikepo nalo.

Chimene mwanayu sankadziwa n'choti nyamayi ili ndi kachibale ndi mbiri ya dziko lathu. Dzina lake la sayansi ndi Okapia johnstoni, polemekeza Sir Harry Johnston, yemwe anatumiza zikopa zake ku London ali pa ntchito ku Uganda, ndipo akatswiri anailemba m'mabuku mu 1901. Johnston ameneyu ndi yemwe uja anakhala bwanamkubwa woyamba wa atsamunda ku Zomba kuyambira 1891, amenenso Mangochi inkadziwika ndi dzina lake, Fort Johnston. Poyamba akatswiriwo ankaganiza kuti ndi mtundu wa mbidzi, mpaka chigaza chitafika m'manja mwawo m'pamene anazindikira ubale wake ndi kadyamsonga.